Tinathawa kuonda, tisakagwere m'matenda a shuga



Pa tsamba lino tinazolowera kukamba za mbewu, za mtengo wa nandolo, za maukonde ndi za nyengo yotseka nyanja. Mwezi uno tapempha malo kuti tikambe za mlimi ndi msodzi mwiniwakeyo, makamaka uja wa imvi amene wakhala zaka zambiri akumwa ma ARV. Boma linayamba kupereka mankhwalawa mwaulere mu 2004. Munthu amene anayamba kumwa nthawi imeneyo ali ndi zaka 35, lero wadutsa 55, ali ndi zidzukulu, ndipo kapena ndi yemwe amaima pa mzere woyamba pa swala ya Fajr. Alhamdulillah. M'dziko muno anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV alipo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo chaka ndi chaka achikulire akuchuluka pakati pawo. Ife amene tinkachoka kumanda n'kupita kumanda ena m'zaka za m'ma 1990 sitinkalota kuti tidzakhala pansi n'kumakambirana za ukalamba wa anthu amenewa.

Koma munthu ukakhalitsa pa dziko umakumana ndi alendo ena. Mmodzi ndi kuthamanga kwa magazi, BP ija. Wina ndi matenda a shuga, amene tikufuna tiwaone bwino lero. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, anthu 5 kapena 6 anali ndi shuga. Ndipo mu Africa muno oposa theka la anthu amene ali ndi matendawa sadziwa kuti ali nawo. Akungolima, akungowedza, matenda akudya mkati ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga lomwe kunja likuoneka lodzaza bwinobwino.

Tiyambe ndi nkhani ya thupi, chifukwa ndi pamene pagona vuto lathu. Mukukumbukira maina amene Edzi inkatchulidwa nawo kale: kaliwondewonde, magawagawa. Chizindikiro chake chinali kuonda. Choncho munthu akayamba mankhwala, malangizo anali amodzi basi: idyani, idyani, thupi libwerere. Phala lothira shuga ndi mafuta, chiponde, tiyi wa mkaka, chilichonse chimene chingalowe. Sikelo ikakwera anamwino ankasangalala, pakhomo ankasangalala, ife ku mzikiti tinkati Allah wayankha. Malangizo amenewo anali oyenera, ndipo mpaka lero ndi oyenera kwa munthu amene matenda amufoola. Koma bambo wa zaka 58 amene kachilombo kake kanagona kalekale, amene kanzu yayamba kumuthina pamimba, ndi munthu wina. Iyeyu akapitiriza kudya ngati wongodzuka kumene pa mphasa, akudziitanira matenda achiwiri.

Ndiye pali mantha. Tikamacheza ndi akuluakulu anzathu n'kuwauza kuti kamimbako kachepe pang'ono, yankho lake limakhala lomwelomwelo: "Aaa shehe, ndikaonda anthu aziti chiyani?" Funso limeneli silopusa ayi. Kwathu kuno munthu akatsika thupi, nkhani imayamba pa mjigo, ifike pa doko, madzulo yazungulira mudzi wonse: kodi Che uje akudwala? Munthu amene wabisa za kachilombo kake zaka 15 amaona thupi lonenepa ngati chofunda chake. Amalolera kusunga mimba kusiyana ndi kulowa m'kamwa mwa anthu. Apa tinene mosabisa: miseche yathuyi, imene chipembedzo chathu chimailetsa mwamphamvu, ikuthandizira kudwalitsa abale athu shuga. Mukaona mnzanu watsika thupi, mulonjereni, mufunseni za mpunga wake, mupitirire.

Kodi shuga ameneyu ndi chiyani kwenikweni? Amene munaonapo sikimu ya mpunga, kaya ku Domasi, ku Lifuwu kapena ku Bua, mumva msanga. Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata, buledi, zonsezi zikafika m'mimba zimasanduka shuga, n'kulowa m'magazi. Magaziwo ali ngati ngalande yaikulu. Minofu ya thupi ndi timinda timene tikudikira madzi. Kuti madzi achoke m'ngalande alowe m'munda, pamafunika wotsekula zitseko, ndipo wotsekulayo ndi insulini, madzi ena amene amapangidwa ndi kapamba. Zitseko zikachita dzimbiri, wotsekula amavutika, amaitana anzake, amagwira ntchito usiku ndi usana mpaka kutopa. Mapeto ake madzi amasefukira m'ngalande n'kumagumula m'mbali, koma timinda tili gwa, touma. Ndi chifukwa chake munthu wa shuga amadya koma n'kumamvabe njala ndi kufooka, pamene shuga wodzaza m'magazi akuwononga timitsempha ta m'maso, ta mu impso, ta kumapazi ndi ta mumtima. Dzimbiri lalikulu la zitseko zimenezi ndi mafuta a pamimba ndi kukhala pansi.

Munthu aliyense akamakula, minofu imachepa, ndipo paja minofu ndi imene imamwa shuga wambiri. Zimenezi n'za tonse, wa kachilombo ndi wopanda. Koma mnzathu wa kachilombo wasenza katundu wina pamwamba. Kachilombo ngakhale kagone ndi mankhwala, chitetezo cha m'thupi sichigona tulo tonse. Chimakhala chili tcheru ngati mlonda amene anamvapo mgugu, ndipo kusagona kumeneku kwa zaka zambiri kumalimbitsa zitseko zija. Palinso mankhwala akale. Amene munayamba m'zaka zoyambirira mukukumbukira aja ankatchedwa 1A, amene munali stavudine. Anapulumutsa anthu ambirimbiri, koma kwa ena anaphwetsa masaya, manja ndi matako, mafuta n'kukaunjikana pamimba, mapazi n'kumachita dzanzi. Anachotsedwa pakati pa 2011 ndi 2014 anthu n'kuikidwa pa 5A, koma thupi limene linasinthidwa kaikidwe ka mafuta silibwerera lonse, ndipo anthu oterewa ayenera kusamala kuposa anzawo.

Kuyambira mu 2019 ambiri anasinthidwa kupita pa 13A, piritsi limodzi lokhala ndi mankhwala atatu, amodzi mwa iwo ndi dolutegravir. Ndi mankhwala amphamvu, amagonetsa kachilombo msanga, ndipo sabweretsa chizungulire ndi maloto oipa monga aja a 5A. Koma madokotala aona kuti anthu ena akayamba kumwa amawonjezera thupi, makamaka amayi, ndipo owerengeka shuga wawo amakwera. Tsono apa mvetsetsani, chifukwa tikudziwa mmene nkhani zimayendera: wina awerenga ndime ino yokha n'kukauza anzake kuti a shehe ati ma ARV akuyambitsa shuga. Sitinatero. Kusiya ma ARV poopa shuga kuli ngati kudumphira m'nyanja pa mwera chifukwa bwato lalowa madzi a m'chikho. Shuga akakwera achipatala ali ndi njira zomutsitsira, ndipo kukafunika kusintha mankhwala asintha okha. Kachilombo kakadzuka chifukwa chodumphitsa, kamadzuka kolusa. Ndiponso matenda awiriwa akakumana amatsekulira khomo lachitatu: shuga payekha amachulukitsa kawiri kapena katatu mpata wodwala TB, imene ndi kale lomwe imakonda anthu a kachilombo.

Chovuta china n'chakuti zizindikiro za shuga zimafanana ndi zimene mnzathuyu anazizolowera kale. Kutopa, amati ndi mankhwala. Dzanzi ndi kutentha kwa mapazi usiku, amati ndi za 1A zija. Zilonda zosapola msanga, zoyera za m'kamwa, kuyabwa kumalo obisika, kuonda mosadziwika bwino, amangoti kachilombo kadzuka, n'kukhala chete ndi mantha. Pamene chenicheni mwina ndi shuga. Ife a ku mzikiti tili ndi chizindikiro chathu chimene timachiona msanga: munthu amene kale ankasunga wudhu kuchokera Maghrib mpaka Isha, tsopano akutuluka kawiri kukataya madzi, usiku akudzuka kanayi, ludzu losatha ngakhale mu Juni. Ena amaona nyerere zitaunjikana pamene anakodza. Maso amachita chifunga, Msahafu wayamba kuvuta kuwerenga. Kwa abambo mphamvu za m'nyumba zimachepa, ndipo ambiri m'malo mopita kuchipatala amathamangira gondolosi. Koma musadikire zizindikiro. Shuga amatha kukhala zaka zingapo asanaonetse chilichonse.

Mwayi umene a ma ARV muli nawo, anzanu alibe, ndi wakuti mumafika kale kuchipatala miyezi 3 kapena 6 iliyonse. Tsiku lokatenga mankhwala likhalenso tsiku lopempha kuti akuyezeni shuga ndi BP, kamodzi pa chaka pang'ono penipeni ngati mwadutsa zaka 40. Musachite manyazi kunena kuti, "Adokotala, ndikupempha mundiyezeko shuga." Timagazi ta pa chala basi. Mukapite m'mawa musanadye kanthu, mutakhala maola 8 osadya. Madzi akumwa salakwika, ndipo piritsi lanu mumwe monga mwa masiku onse. Ngati pamalo panu zoyezera zatha, funsani tsiku la kiliniki ya shuga ndi BP pa chipatala chachikulu cha m'boma lanu. Nambala yake auzeni akulembereni m'buku la kuchipatala. Makina ena amawerenga manambala ang'onoang'ono, ena aakulu. Munthu asanadye, 7.0 kupita m'mwamba, kapena 126 pa makina a manambala aakulu, ndiye kuti ndi shuga, ngakhale amafuna kubwereza tsiku lina kuti atsimikize. Pakati pa 6.1 ndi 6.9, kapena 110 mpaka 125, muli pakhomo, simunalowe. Mukayezedwa mutadya kale n'kupezeka 11.1 kapena 200, komanso muli ndi zizindikiro zija, musachedwe. Amene makolo kapena abale a bere limodzi anali ndi shuga, ndi amayi amene anaberekapo mwana wopitirira makilogalamu 4, inu ndiye muziyezetsa osaphonya. Ndipo owonda musadzitame: kuno kwathu alipo ambiri a shuga amene sananenepepo chibadwire.

Pakhomo pali muyeso wosalira ndalama. Tengani chingwe, kaya chotsala pa ukonde, muyeze kutalika kwanu kuchokera pansi mpaka pamutu, mudule. Chipindeni pawiri, muzungulize m'mimba cha pamchombo, osakoka mpweya. Nsonga zikakumana, zili bwino. Zikakana kukumana, mimba yaposa theka la msinkhu wanu, ndipo ntchito ilipo. Amene muli ndi tepi ya telala, achipatala amachenjeza bambo akapitirira masentimita 94, mayi akapitirira 80.

Amene ali pakhomo paja angabwerere? Angathe ndithu. Ku America, mu 2002, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 3,000 onenepa amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Gulu lina analithandiza kusintha kadyedwe, kuyenda mphindi 150 pa sabata, ndi kutsitsa thupi ndi magawo 7 pa 100. Pa zaka pafupifupi zitatu, kudwala shuga m'gulu limeneli kunachepa ndi magawo 58 pa 100 poyerekeza ndi amene sanachite zimenezi. Chimene chinatisangalatsa ife a imvi n'chakuti kwa a zaka 60 kupita m'mwamba kunachepa ndi magawo 71. Akuluakulu anaposa achinyamata. Ndipo onani kuchepa kwa chimene chikufunika: munthu wa makilogalamu 80 akungoyenera kutaya 5 kapena 6, pang'onopang'ono, m'miyezi ingapo. Kutsika kotere sikungakubwezereni ku nkhope ija mumaiopa. Lamba yekha ndi amene angadziwe.

Tsono tibwere ku mbale. Palibe amene akukuletsani nsima, ndipo amene angakuuzeni zimenezo sakudziwa kwathu kuno. Nkhani ndi ufa wake ndi kuchuluka kwake. Ufa woyera timaukonola, kuuviika, kuutsuka, mpaka gaga yense ndi mtima wa chimanga zapita kwa nkhuku ndi mbuzi, ife n'kutsala ndi choyera chimene chimasanduka shuga mofulumira. Mgaiwa uli ndi gaga wake, umakhalitsa m'mimba. Kale mgaiwa unkaoneka wa osauka, wa ku sukulu zogonera ndi kundende. Lero a m'tauni akuufunafuna. Koma pali bodza lina limene lafala, loti mgaiwa ndi mankhwala a shuga. Mitanda isanu ya mgaiwa ndi mitanda isanu basi, shuga akwera ndithu. Chimodzimodzi kondowole wa abale athu a ku Nkhotakota, ndi mpunga, ngakhale ukhale Kilombero wonunkhira. Yang'anani mbale yanu motere: theka likhale ndiwo zamasamba, mbali ina nsomba kapena nyemba, nsima itenge malo otsalawo, yaikulu ngati nkhonya yanu, kapena iwiri ngati mwachokera kolima. Ife tinazolowera zosemphana, phiri la nsima ndi kandiwo kongonyowetsera mbamu. Ku madrasa tonse tinaphunzitsidwa za kugawa mimba patatu, ndipo Surat Al-A'raf ndime 31 imaletsa kupyola muyeso pa kudya ndi kumwa. Tinaloweza tili ana. Pa mphasa ya chakudya ndi pamene timaiwala.

Ndiwo zimenezi tili nazo, ndipo apa mlimi ndi msodzi aposa munthu wa mu ofesi. Bonongwe, chisoso, luni ndi denje zimamera zokha m'munda, ena timazizula ngati udzu. Nkhwani, khwanya, chigwada, kholowa, therere. Vuto limabwera Seputembala mpaka mvula, pamene kwauma. Choncho mfutso upangidwe wambiri masamba akadali ochuluka, ndipo amene ali ndi dimba asiye bedi limodzi la pakhomo, losagulitsa. Nandolo nayenso: timagulitsa yense kwa mavenda pa mtengo wolira nawo, kenaka ndalama yomweyo n'kukagula shuga, mafuta ndi buledi. Sungani thumba limodzi. Nandolo, khobwe, nzama ndi nyemba zimakhutitsa nthawi yaitali ndipo sizikweza shuga msanga. Usipa, utaka, matemba, kambuzi, zimenezi ndi zimene zimasunga minofu ya munthu wokalamba, ndipo timadya ndi minga yomwe, mafupa n'kulimba. Bola zikhale zophika ndi tomato, zofutsa kapena zowamba. Usipa wokazinga wa pa doko uja, umene umasambira m'mafuta obwerezabwereza, ndi wa malonda. Usakhale wa tsiku ndi tsiku pakhomo panu. Mchere nawo uchepe, paja BP ndi shuga amayenda limodzi ngati bwato ndi nkhafi.

Koma mdani wamkulu wa Msilamu wa kunyanja, tikanena chilungamo, ali m'kapu. Mowa sitimwa, Alhamdulillah, ndiye tinaika mtima wonse pa tiyi. Tikachoka ku Fajr, tiyi. Mlendo akabwera, tiyi. Asodzi akamadikira kulowa m'madzi usiku, tiyi wa m'tiyirumu ndi mandasi anayi. Kapu iliyonse masupuni atatu, anayi, ena mpaka supuni iime. A WHO amati shuga wothira asapitirire masupuni ang'onoang'ono 12 pa tsiku lonse, ndipo bwino kwambiri ndi 6. Botolo limodzi la zakumwa zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 lili ndi masupuni pafupifupi 8. Werengerani nokha za pa chikwati kapena pa sadaka, pamene munthu amatsitsa mabotolo atatu atadya mpunga. Sobo, maheu a m'sitolo, thobwa lothira shuga, ma freezes a zidzukulu, zonsezi n'chimodzimodzi. Shuga wa madzi ndi woipa kuposa wotafuna chifukwa amathamangira m'magazi ndipo sakhutitsa. Osasiya tsiku limodzi, mungadane nafe. Chotsani theka la supuni sabata iliyonse. Lilime limazolowera, ndipo pakatha miyezi iwiri tiyi wanu wakale mudzamumva ngati manyuchi. Wina anatiuza kuti shuga wa m'paketi ndi wabwino chifukwa muli vitamini A. Zoona anaikamo, koma vitamini yemweyo ali mu mbatata yofiira mkati, m'maungu ndi m'masamba.

Zipatso idyani, koma zamphumphu ndi mwa muyeso. Nyengo ya mango kuno kunyanja munthu amakhala pansi pa mtengo ndi beseni lonse. Awiri akwana. Nzimbe ndi shuga weniweni amene sanafike ku fakitale.

Za kuyenda, alipo amene aseka: "Ife alimi mukutiuza za masewera olimbitsa thupi?" Zoona, kuyambira kusosa mpaka kukolola khasu limatikwanira. Koma tiyeni tiwerenge bwino miyezi ya Juni mpaka Okutobala, ndipo tione amene akugwiradi khasulo, ife kapena aganyu. Kunyanja n'chimodzimodzi. Mnyamata amene ankapalasa bwato usiku wonse ndi kukoka chilimira, Allah atamudalitsa anagula boti la injini, analemba anyamata, ndipo lero ntchito yake ndi kukhala pa mthunzi kudikira maboti, bawo pamiyendo, tiyi pambali. Kadyedwe n'komwe kaja ka wopalasa, koma nkhafi anaisiya zaka 10 zapitazo. Amayi athu amene ankasinja ndi kutunga madzi kutali, tsopano kuli chigayo ndi mjigo, ndipo zimenezi n'zabwino, koma ambiri akutandala pa benchi ya nsomba kuyambira m'mawa mpaka Asr. Kenaka kunabwera kabaza wa njinga yamoto, moti ulendo wa pa msika pomwepa tikukwera. Mphindi 150 pa sabata ndi theka la ola masiku asanu, kuyenda kwa ndawala kotulutsa kathukuta koma mukutha kulankhula. Pitani ku mzikiti wapansi kasanu konse, ndipo pobwerera mudzere njira yaitali. Mukatha kudya musagwere pa mkeka. Kuyenda mphindi 10 kapena 15 nthawi imeneyo kumatsekula zitseko zija pamene ngalande yadzaza. Amayi angathe kupangana atatu anayi kuyenda limodzi dzuwa likapepa, atavala mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Palibe choletsa, ndipo abambo musawaletse. Kuthirira dimba ndi khenu, kusoka ndi kuyanika ukonde, kupalasa njinga yakapalasa, zonsezi zimawerengedwa.

Fodya, kaya wa m'paketi, chingambwe kapena wa pamphuno, amawonjezera mpata wa shuga ndipo amatseka mitsempha imene shuga akuiwononga kale. Chenjeraninso ndi timapiritsi timene tikugulitsidwa m'misika ta nyamakazi ndi tonenepetsa. Ena mwa iwo ndi prednisolone kapena dexamethasone, amene amakweza shuga kwambiri ndi kufooketsa chitetezo. Munthu wa kachilombo amene akumwa zimenezi kuti aoneke wathanzi akudzikumbira dzenje ndi manja ake. Uchi ndi habbat sauda timazilemekeza, koma uchi ndi shuga ndithu ukalowa m'magazi, ndipo palibe botolo la zitsamba limene lingalowe m'malo mwa kuyezetsa. Chilichonse chimene mukumwa, kaonetseni kumene mumatenga ma ARV.

Ramadhani imayenera kutithandiza pa nkhani imeneyi, koma ena timatuluka m'mweziwo titalemera kuposa mmene tinalowera. Taonani mphasa ya kufutulu: phala la shuga, tiyi wa shuga, zitumbuwa, mandasi, samusa, futali, Sobo, kenaka mpunga. Thupi limene lakhala tsiku lonse lopanda kanthu likulandira zonsezi pa mphindi 20. Futulani ndi madzi ndi tende imodzi kapena zitatu, mukaswali Maghrib, mubwere mudye chakudya chenicheni cha mbale ija tafotokoza. Futali wa mbatata kapena chinangwa wotendera ndi wabwino, koma alowe m'malo mwa nsima kapena mpunga, osati kuwonjezera pamwamba, ndipo safuna shuga. Pa daku idyani zokhalitsa: mgaiwa, nyemba, nsomba, masamba, ndi madzi ambiri. Tarawehe mukaswali mutaimirira ngati mawondo akulola. Popeza 13A ndi piritsi limodzi pa tsiku, ambiri amatha kufunga popanda vuto, koma za kusuntha nthawi yomwera mukakambirane ndi achipatala mwezi wa Sha'ban usanathe, osangosintha nokha.

Amene mwapezeka kale ndi shuga, nkhani ya kufunga ndi ina. Ngati mukubaya insulini kapena kumwa glibenclamide, shuga angathe kutsika kwambiri masana: kunjenjemera, thukuta lozizira, kusokonezeka mutu, mpaka kukomoka. Zikachitika muli pakati pa nyanja ndi imfa. Madokotala ndi ma ulama amene anakhalira limodzi pa nkhaniyi anagwirizana kuti kudziyeza pa chala sikumasula swaumu, ndipo shuga akatsika pansi pa 3.9, kapena 70 pa makina ena aja, kapena akakwera kupitirira 16.6, kapena 300, munthu amasule pomwepo ngakhale dzuwa latsala pang'ono kulowa. Chilolezo cha wodwala chili mu Surat Al-Baqarah ndime 184 ndi 185, ndipo za kubweza masiku kapena kupereka fidya bwerani tidzakambirane. Sitidzakufunsani matenda amene mukudwala. Chinanso, ngati akupatsani metformin, auzeni a ku kiliniki ya shuga kuti mukumwa 13A, chifukwa dolutegravir amachulukitsa metformin m'magazi ndipo muyeso wake amayenera kuuchepetsa. Tikudziwa kuti ena mumakhala ndi mabuku awiri, lina la ma ARV lobisa pansi pa sutikesi, lina loonetsa. Kwa dokotala tengani onse. Apempheninso aziona impso zanu, popeza shuga ndi tenofovir wa mu piritsi lija onse amadutsa kumeneko.

Chotsiriza ndi mapazi. Munthu wa dzanzi amapondedwa ndi munga wa kampango kapena chitsa cha m'munda osamva, chilonda n'kukula mwakachetechete, ndipo miyendo yambiri imene imadulidwa chifukwa cha shuga imayamba ndi kabala kotere. Ife tili ndi mwayi woti timatsuka mapazi kasanu pa tsiku. Pa wudhu musangothira madzi: yang'anani pansi pa phazi, pa chidendene ndi pakati pa zala, ndipo mukatha pukutani pakati pa zalapo pasakhale chinyezi. Ngati maso kapena msana sizikulola, mdzukulu akuonereni. Pa mchenga wotentha wa masana, pa doko ndi m'munda valani nsapato, ndipo muzizigwedeza musanavale. Kabala kalikonse kamene katha masiku awiri kasakusintha, kapena kayamba kutupa ndi kununkha, musakathire phulusa kapena mafuta a injini. Pitani nako kuchipatala tsiku lomwelo.